Maonekedwe a munthu wa mu gemu ali ndi ntchito

Achimwene, mwafunsa ngati maonekedwe a anthu a mu gemu ali ndi phindu, kapena chachikulu ndi kaseweredwe basi. Phindu lake lilipo ndithu.

Tengani Mario. Pomwe Shigeru Miyamoto, wopanga magemu wa ku Japan, ankamujambula mu gemu ya Donkey Kong ya 1981, makina anali ofooka, timadontho ta pa sikirini tinali tochepa. Pakamwa panavuta kujambula, ndiye anangomupatsa ndevu pansi pa mphuno. Tsitsi likanavuta kuligwedeza akamalumpha, choncho anamuveka chipewa. Ovololo ija ndi yoti mikono izioneka bwino akamathamanga. Palibe chimene anangoika mwachisawawa, n'chifukwa chake mpaka lero ngakhale kamwana kamamuzindikira patali.

Mu gemu ya ndewu ya Mortal Kombat ya 1992, Scorpion ndi Sub-Zero anali thupi limodzi, anangosiyanitsa mitundu: wina wachikasu, wina wabuluu. Ena amati unali ulesi, ine sindivomereza. Ndewu ikatentha, diso limafuna kudziwa msanga kuti wako ndi uti, ndipo wabuluuyo umangoona kuti aponya ayezi. Kakhaleni pa kashopu ka PlayStation ku Kawale Loweruka masana, mumve anyamata akukanganirana wachikasuyo masewera asanayambe n'komwe.