Za ndege yotchipa ya Dublin–Paris ija

Asisi, mwafunsa za nthawi ya ulendo wa pa ndege yotchipa kuchokera ku Dublin kupita ku Paris. Ola limodzi ndi theka mwaona pa intanetilo nzoona, koma ndi la mumlengalenga mokha. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 780, ndipo wotchi ya ku France ili patsogolo ndi ola limodzi, ndiye pa tikiti ziwoneka ngati maola awiri ndi theka. Zimenezo ndi zazing'ono. Yang'anani kaye malembo atatu a pa tikiti osonyeza bwalo la ndege lomwe mukatere. Mukaona BVA, dziwani kuti simukutera mu Paris ayi, mukutera ku Beauvais, makilomita 85 kumpoto kwake. Zili ngati mwalipira basi ya ku Lilongwe n'kukutsitsani pa Dedza.

Ine zinandionekera popita ku chinkhoswe cha mwana wa azakhali anga. Mavuto anayambira pa geti ku Dublin komweko. Mayi wina wa kampani ya ndegeyo anandiloza, akuti chikwama chilowe m'kachitsulo koyezera kaja. Sichinalowe, matayala okha ndi amene anatsalira kunja. Matayala okha, abale! Ndinagwada pansi anthu onse akuona, kutulutsa zitenje zitatu n'kuzikulunga m'khosi ngati wamisala, nsapato za pachinkhoswe kuziika m'matumba a jekete. Pokankha kachiwiri pepala la ufa wa mgaiwa linaphulika. Ufa pa jekete yakuda, ufa pa kapeti, kamwana ka mzungu kali pambali kuseka. Mayi uja osaphethira n'komwe, anangonditambasulira kamakina ka khadi. Ndalama ya chikwama inaposa ya tikiti. Mpaka lero ndikakumbukira nkhope yake mtima umandiwawa, anali ngati akusangalala nazo.

Kenako ndege inachedwa maola awiri, popanda wotiuza chifukwa. Tinafika ku Beauvais usiku, pamzere wa mapasipoti wautali chifukwa Ireland sili mu Schengen (gulu la mayiko a ku Ulaya osaonana mapasipoti m'malire), ndiye viza yanu ikhale m'manja. Basi yopita ku Porte Maillot mu Paris ndi ola limodzi ndi mphindi 15. Pofika metro, sitima zapansi pa nthaka za mu Paris, anali atatseka. Msuweni wanga amene analumbira kuti andidikira, foni yozima. Ndinaima pamsewu m'mphepo ya Novembala, ufa udakali m'tsitsi, batire yatsala 4 peresenti, Chifalansa changa chongothera pa moni. Wa takisi anandidula khosi, ndinangolipira. M'mawa mwake msuweniyo akuti "ndinagona pang'ono". Pang'ono! Sitinayankhulane chinkhoswe chonse.

Ndikawerengera kuchokera pakhomo panga mpaka pakhomo pa azakhali, anakwana maola 10.

Ndiye ngati ndalama ilipo, tengani ndege yotera pa bwalo lalikulu la Paris la Charles de Gaulle, pali sitima ya RER B yolowa m'tauni mwa mphindi 35 zokha. Koma kunena zoona ine chaka chino ndadutsanso pa Beauvais pomwepo, mtengo wake sungaukane. Ingotengani ya m'mawa, chikwama mulipiretu pogula tikiti, tikiti ya basi muguliretu pa foni. Achibale musawadalire ngakhale pang'ono. Komabe muwauze nthawi yofika, mwina anuwo ali ndi umunthu. Ufa muumange mapepala awiri.