Galimoto yochokera ku Japan: msonkho mulipira kuti?

Achimwene, mwafunsa kuti ka Vitz kanu kali m'njira kuchokera ku Japan, ndiye msonkho wolembetsa galimoto mukalipira kwa ndani ndiponso motani kuno ku Blantyre. Musasokoneze maofesi awiri, MRA (bungwe lotolera misonkho) ndi Road Traffic. Ndalama yowawa ili ku MRA, ya ku Road Traffic ndi yochepa poyerekeza.

Galimoto zambiri za ku Japan zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, zina zimadzera ku Beira kapena Durban n'kulowera pa Mwanza. Ikangoponda m'dziko muno MRA imafuna zake: duty, excise ndi VAT. Amayang'ana mtengo wa galimotoyo, kukula kwa injini ndi chaka chimene inapangidwa. Apa ndi pamene ambiri amalira. Munthu amaona galimoto yakale yotchipa pa intaneti n'kusangalala, osadziwa kuti ukalamba wakewo ndi injini yaikulu ndizo zikweze excise. Ineyo ndimati funsani kaye msonkho musanatumize ndalama ku Japan, koma poti yanu ili kale panyanja, pezani clearing agent wovomerezeka, munthu woyendetsa mapepala otulutsira katundu ku MRA, msanga akuwerengereni. Mukhale ndi TPIN yanu, nambala imene MRA imapereka kwa wolipira msonkho. Ndalamayo ilipidwe ku banki m'dzina la MRA, lisiti likhale m'manja mwanu, osati m'foni ya munthu wina. Mukakayikira chiwerengero, Msonkho House, likulu la MRA, si patali, pitani mukafunse nokha.

Mukamaliza apo a polisi aione, afananize nambala ya chassis ndi injini ndi zimene zili pa mapepala, kutsimikiza kuti si yobedwa. Kenako ndiye ku Road Traffic pa Ginnery Corner. Ngati mulibe Traffic Register Card yambani ndi imeneyo, chifukwa MalTIS, kompyuta ya ku Road Traffic, sikudziwani popanda khadilo. Akupatsani pepala la ndalama zoti mulipire, mukalipira mubwere ndi lisiti, galimoto iyezedwe COF (chiphaso choti ndi yoyenera kuyenda pamsewu), mupatsidwe nambala ndi blue book. Inshuwalansi musaiwale, ngakhale ya third party yokha.

Madobadoba akupezani musanatsike n'komwe m'galimoto, aliyense akulonjeza kuti zonse zitheka lero lomwe. Lawirirani m'mamawa muime pamzere nokha, kuli bwino kutaya tsiku kusiyana ndi kugwira pepala lomwe kompyuta ikalikane mawa.

Ndipo musazolowere kuyenda ndi nambala ya IT, imene galimoto imabwera nayo kuchokera ku doko, mwezi ndi mwezi ngati ena timawaona ku Limbe. Imeneyo ndi yapaulendo basi. Mapepala onse a MRA muwasunge pamodzi ndi blue book, tsiku lomwe mudzagulitse galimotoyo wogula wochenjera adzawafuna asanasinthe umwini.