Kodi tingawathokoze bwanji anthu otipangira mapulogalamu aulere?

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Mufakose, kuno ku Harare, amene makolo ake anachokera ku Dedza. Ali ndi kashopu kotayipa ndi kupulinta makalata, ma CV ndi makadi a ukwati. Walemba kuti: "Makompyuta anga ndi akale, koma akugwirabe ntchito chifukwa cha mapulogalamu a Linux (yoyendetsa kompyuta yonse), LibreOffice (yolembera makalata) ndi GIMP (yokonzera zithunzi), zomwe sindinalipirepo ngakhale senti. Mwana wanga wandiuza kuti ambiri opanga zimenezi salandira malipiro. Zandikhudza. Ndingawathokoze bwanji ine wopanda khadi yotumizira ndalama kunja?"

Achimwene, mwana wanu sananame, kungoti nkhaniyi ili pawiri. Ntchito zikuluzikulu ngati Linux zili ndi anthu ambiri olembedwa ndi makampani, ndipo amenewo amalandira bwino ndithu. Kumene kuli chisoni ndi ku timapulogalamu ting'onoting'ono tobisika mkati mwa zazikuluzo, tomwe inu ndi ine sitidziwa n'komwe mayina ake. Kawirikawiri kotereko kumakhala munthu mmodzi kapena awiri, ogwira usiku ataweruka ku ntchito yowadyetsa.

Ndikuuzeni za xz, kapulogalamu kopanikiza mafayilo kuti achepe, komwe kamapezeka pafupifupi mu Linux aliyense, ndithu ndi m'makompyuta anuwo. Kwa zaka zambiri ankakasamalira ndi Lasse Collin wa ku Finland, mwaulere. Mu 2022 anthu ena anayamba kumulembera mokalipa kuti akuchedwa, ndipo ngati walephera apereke udindowo kwa wina. Iye anayankha kuti wakhala akuvutika ndi matenda a maganizo kwa nthawi yaitali, n'kuwakumbutsa kuti ntchitoyi sailandirira kanthu. Sanamumvere chisoni. Pa nthawi yomweyo panali wina wodzitchula kuti Jia Tan, amene ankathandiza mwakhama ndi mwaulemu, mpaka anapatsidwa mphamvu zotulutsa pulogalamuyo. Munthu ameneyu anabisamo khomo lachinsinsi loti akuba azilowera m'makompyuta a eni. Linapezeka mu Marichi 2024, pomwe Andres Freund, katswiri wogwira ntchito ku Microsoft, anadabwa kuti kulowa mu kompyuta kudzera pa SSH (njira yotetezeka yolowera mu kompyuta uli kutali) kukuchedwa ndi theka la sekondi, n'kuyamba kufufuza. Khomolo linali lisanafike kwa anthu ambiri. Chimene chimandiwawa ine pa nkhaniyi n'chakuti wakubayo sanathyole loko ayi. Anangopeza munthu wotopa amene analibe womulandirako katundu.

Sikanali koyamba. Mu Epulo 2014 kunatulukira vuto la Heartbleed mu OpenSSL, yomwe imateteza mapasiwedi pa mawebusaiti ochuluka zedi, ndipo dziko linazizwa kumva kuti zopereka zomwe ntchitoyi inkalandira zinali pafupifupi madola 2,000 pachaka. Mu Disembala 2021 kunabweranso vuto mu Log4j, kapulogalamu kosunga mbiri ya zochitika m'mapulogalamu ena, ndipo anthu ongodzipereka anachezera kukonza uku akunyozedwa. Daniel Stenberg wa ku Sweden, amene wasamalira curl (kapulogalamu kotumiza ndi kulandira zinthu pa intaneti) kuyambira 1998, analandira kalata yochokera ku kampani yaikulu ya ku America yomulamula kuti ayankhe mafunso a Log4j pasanathe maola 24, chikhalirecho curl sigwiritsa ntchito Log4j ndipo kampaniyo sinali kasitomala wake.

Ife a ku Harare tikuudziwa mjigo wa m'dera. Aliyense amatungapo, koma ukathyoka ndi bambo mmodzi yemweyo amene amabwera ndi sipanala, ndipo a pa mzere amamufunsa chomwe wachedwera m'malo momugwirira chitsulo. Ndiye yankho langa kwa inu ndi lakuti kuthokoza kwenikweni n'kumupeputsira munthuyo ntchito, ndipo zambiri mwa izo sizifuna khadi.

Yambani ndi kalata. Lembani mizere yochepa, Chingerezi chake chisakudetseni nkhawa, munene kuti muli ku Harare, muli ndi shopu yotayipa, ndipo ana anu amapita ku sukulu ndi ndalama zopezeka kudzera mu pulogalamu yawo. Musaphatikizemo pempho lililonse. Anthu amenewa makalata omwe amalandira ndi a madandaulo okhaokha, chifukwa chinthu chikamayenda bwino palibe amene amalemba. Bungwe la Free Software Foundation Europe linasankha 14 Febuluwale kukhala tsiku lothokoza opanga mapulogalamu otere, koma palibe chifukwa chodikirira mpaka pamenepo.

Chachiwiri, ndipo ichi ndimachiona chofunika kuposa kalata, ndi mmene mumafotokozera vuto. Kulemba kuti "LibreOffice sikugwira, konzani msanga" kumamudyera munthu madzulo onse akuyesa kuganiza chomwe chachitika. Muyambe mwafufuza ngati wina sananene kale vuto lomwelo. Kenaka nenani nambala ya pulogalamu yomwe muli nayo, mtundu wa Linux, zomwe munadina motsatana, zomwe mumayembekeza ndi zomwe zinachitika. Ngati n'kotheka ikanipo fayilo yachitsanzo, mutachotsamo mayina a makasitomala anu. A LibreOffice amalandira malipoti otere pa webusaiti yawo yotchedwa Bugzilla. Akakufunsani funso patapita milungu, bwererani mukayankhe, pakuti malipoti ambiri amafera pamenepo. Akakana kuwonjezera chomwe mwapempha, landirani. Chilichonse chowonjezedwa ndi iwo amene adzachisamalire zaka zikubwerazi.

Komanso inu mukudziwa zambiri kuposa mmene mukuganizira. Munthu amene amakonza masamba a CV tsiku ndi tsiku angathe kuyankha mafunso a ongoyamba kumene pa webusaiti ya mafunso ya Ask LibreOffice, ndipo funso lililonse lomwe mwayankha ndi nthawi yomwe wopanga pulogalamu wapulumutsa. Palinso kumasulira. Mapulogalamu ambiri alibe Chichewa, ena alibe ndi Chishona chomwe, ndipo ntchitoyi imachitikira pa intaneti kudzera pa Weblate kapena Pontoon ya Mozilla, mawu ochepa nthawi imodzi. Ana athu obadwira ku Mbare ndi ku Dzivarasekwa Chichewa chikuwathawa, ndiye inu ndi mwana wanuyo mutakhala pansi kumasulira limodzi mungapindule pawiri.

Za ndalama sindikubisirani, n'zofunika, chifukwa zikomo salipira lendi. Njira zilipo: GitHub Sponsors yomwe inayamba mu 2019, Open Collective, Liberapay, ndiponso bungwe la The Document Foundation, losamalira LibreOffice, limalandira zopereka. Ngati muli ndi m'bale ku Johannesburg kapena ku London amene ali ndi khadi, mupempheni akuperekereni madola awiri kapena asanu, inu mudzabweze kuno. Koma musadziimbe mlandu mukalephera. Amene ayenera kufunsidwa ndi makampani, mabanki ndi masukulu omwe amasunga ndalama zambiri posagula malayisensi. Ngati pakati pa makasitomala anu pali woyang'anira makompyuta pamalo otere, mufunseni ngati abwana ake anaikapo kangachepe mu bajeti kothandizira mapulogalamu omwe amadalira, kapena ngati amalola antchito awo kupatula maola ochepa pamwezi kukonzako zolakwika.