Funsani Aphunzitsi: Nthata, Mfumu ndi Makalata a Chikondi a Angelezi Akale

Mwezi uno mafunso angapo abwera a mutu umodzi, onse akufunsa za chikondi cha Angelezi akale aja a zaka za m'ma 1500 ndi 1600, nde ndangowaika pamodzi.

FUNSO: Aphunzitsi, ine ndili chaka choyamba ku koleji, tapatsidwa ndakatulo ya John Donne yotchedwa The Flea. Mnyamata akufunsira mtsikana koma nkhani yonse ndi nthata basi. Chimenechi nchikondi kapena akungomunyoza?
Mtsikana wa ku Zomba

YANKHO: Mwananga, sakumunyoza ayi, akumunyengerera, ndipo akuchita kutulutsa nzeru zonse zomwe ali nazo. Tiye tiitsate bwinobwino. Nthata yaluma mnyamata kenako yaluma mtsikana, nde iye akuti taona, magazi athu asakanikirana kale m'mimba mwa kanthu aka ndipo palibe amene anganene kuti tachimwa, nanga ukukaniranji? Mtsikana akweza dzanja kuti aiphe, mnyamata akuti pepa usatero, muno muli miyoyo itatu, kanthu aka ndi tchalitchi chathu chomwe takwatiranamo ngakhale makolo ako akukana. Mtsikana osamva, waitswanya ndi chikhadabo, nkunena kuti nanga si ndili bwinobwino, iwenso uli bwinobwino. Pompo mnyamata watembenuka, akuti eya wanena zoona, nde ukandilola sudzataya kalikonse monga mmene sunatayire kanthu pomwe nthata yafa.

Ukuona mmene akuterera? Akamutsekera uku akutulukira uku. Anthu a nthawi imeneyo zimenezi amazikonda kwabasi, kutenga zinthu ziwiri zosayenderana nkuzimanga pamodzi mpaka womvera avomere kuti koma zoona zikufanana. Ine chomwe chimandisangalatsa ndi mtsikanayo, mu ndakatulo monse mawu ake sitiwamva mwachindunji koma chikhadabo chake ndi chimene chikuyankha, ndipo pofika kumapeto sanalole. Ukamalemba mayeso usaiwale kumutchula. Ndipo mfundo ya mnyamatayo ndi yabodza, Donne mwini wake amadziwa, nchifukwa chake imakoma. Ndakatulo zoterezi sizimasindikizidwa poyamba, zimayenda pamanja, wina kukopera wina kukopera pakati pa anyamata ophunzira zamalamulo ku London, buku lake linadzatuluka mu 1633 mwini wake atamwalira kale mu 1631.

Koma usamutenge ngati munthu wamasewera okhaokha. Kumapeto kwa 1601 anakwatira mobisa Ann More, mtsikana wa zaka pafupifupi 17, yemwe azakhali ake anali mkazi wa bwana wake wa Donne, Sir Thomas Egerton. Bambo a mtsikana atamva anakalipa koopsa, Donne anatsekeredwa mu ndende ya Fleet mu February 1602, ntchito inathera pomwepo, ndipo banjalo linavutika zaka zambiri kudalira achibale ndi abwenzi. Ann anabereka ana 12, anamwalira mu 1617 atangobereka womaliza, ndipo Donne sanakwatirenso, anadzakhala mkulu wa tchalitchi cha St Paul's mu 1621. Nde kapeze ndakatulo yake ina yotsanzikana, A Valediction: Forbidding Mourning, mmene akuuza mkazi kuti usalire ndikamapita, ife tili ngati kampasi, ija ya mu seti ya masamu ya miyendo iwiri. Iwe ndi mwendo woima pakati, ine ndi wozungulira, ndikapita kutali iwe umapendekera komwe ndili, ndikamabwerera umaongoka, ndipo kulimba kwako nkomwe kumandipangitsa kukathera pomwe ndinayambira. Nzeru zake ndi zomwe zija za nthata koma apa zimafika pamtima, ine ndikawerenga pamenepo ndimayamba ndakhala kaye chete.

FUNSO: Aphunzitsi, tinatsutsana kuntchito. Mnzanga akuti mfumu Henry VIII inalembera makalata a chikondi mkazi yemwe inadzamupha. Nzoona zimenezi?
Bambo wa ku Kasungu

YANKHO: Achimwene, mnzanuyo wawina. Makalatawo alipo 17, analembera Anne Boleyn cha m'ma 1527 ndi 1528, ena mu Chifalansa ena mu Chingelezi, nthawi imeneyo mfumu ili pabanja ndi Catherine of Aragon. Munthu ameneyu kulemba kumamutopetsa koma apa amagwira yekha cholembera, kudzitcha wantchito wa Anne, pena kujambula kamtima nkuikamo zilembo A ndi B, pena kutumiza nyama ya gwape yomwe wapha yekha kuti mkaziyo akamadya azimukumbukira. Mu 1528 kutagwa mliri wa matenda otulutsa thukuta Anne anadwala, mfumu inatumiza dokotala wake William Butts pamodzi ndi kalata yodandaula, koma iyo osapitako, inakhala patali kuopa kutenga matenda.

Anakwatirana mu 1533, mwana wawo Elizabeth anabadwa chaka chomwecho, pa 19 May 1536 Anne anadulidwa mutu ndi lupanga ku Tower of London pa milandu yomwe akatswiri ambiri a mbiri amati inali yomunamizira, ndipo mwezi womwewo usanathe mfumu inali itakwatira Jane Seymour. Makalatawo lero ali mu laibulale ya ku Vatican, komwe papa anakana kuthetsa banja loyamba lija, ambiri amakhulupirira kuti anachita kubedwa nkutumizidwa kumeneko. Ine makalata amenewa amandimvetsa chisoni achimwene, chifukwa ukawawerenga suona bodza, munthuyo amafunadi, koma kunali kufuna kwa munthu wozolowera kuti chomwe wafuna achipeze basi. Wandakatulo Thomas Wyatt, yemwe anali mmodzi mwa oyamba kulemba sonnet, ndakatulo ya mizere 14, mu Chingelezi potengera za ku Italy, ali ndi ndakatulo ya gwape wamkazi yemwe alenje amuthamangitsa mpaka kutopa, koma pakhosi pake palembedwa kuti asakhudzidwe chifukwa ndi wa mfumu. Ambiri amati ankanena Anne. Naye Wyatt anatsekeredwa ku Tower komweko mu May 1536, mwayi wake anatuluka wamoyo.

FUNSO: Kodi akalewo amakoperanso mawu a chikondi ngati mmene anyamata amachitira ndi mameseji a pa WhatsApp?
Wowerenga wa ku Johannesburg

YANKHO: Kwambiri zedi. Kunali mabuku ophunzitsa kulemba kalata, monga la Angel Day la 1586, The English Secretary, momwe munali zitsanzo mpaka za kalata yofunsira. Shakespeare anawaseka anthu otere, mu sewero la The Merry Wives of Windsor mkulu wina Falstaff akutumiza kalata imodzimodzi kwa amayi awiri apabanja, wangosintha dzina, osadziwa kuti amayiwo ndi pachinzake, akuonetsana makalatawo nkumukonzera zoti asadzaiwale. Ndipo mu sonnet 130 mwa 154 zija zinasindikizidwa mu 1609, akuti maso a wokondedwa wake safanana ndi dzuwa, akamayenda amaponda pansi ngati wina aliyense, koma amamukonda chomwecho. Amatsutsa alakatuli omwe mkazi aliyense amamupatsa maso a nyenyezi ndi milomo yofiira, mawu ongobwerekana.

FUNSO: Aphunzitsi, nkhani zonsezi timangomva amuna akulankhula. Akaziwo analibe cholembera?
Mayi wa ku Blantyre

YANKHO: Zikomo amayi, funso limeneli ndimaliyembekezera. Analemba, kungoti zambiri zinatayika kapena kuotchedwa. Mary Wroth anasindikiza ndakatulo zake za chikondi mu 1621, wolankhulamo ali mkazi. Koma ine mukandifunsa kuti makalata a chikondi okoma kuposa onse a nthawi imeneyo ndi ati, sindichedwa, ndi a Dorothy Osborne opita kwa William Temple, ndipo mfumu ija siifikako olo pang'ono.

Awiriwa anakumana mu 1648 dziko lili pa nkhondo yapachiweniweni, kwawo kwa Dorothy anali a mbali ya mfumu, bambo a William anali a mbali ya nyumba ya malamulo, ndipo uku ndi uku amafuna mwana wawo apeze banja la ndalama. Dorothy amakhala ku Chicksands m'dera la Bedfordshire kusamala bambo ake odwala, mlongo wake Henry amamulondalonda ndi kumubweretsera amuna ena, wina mwa omufunsira anali mwana wa Oliver Cromwell weniweniyo, mtsogoleri wa asilikali a mbali ya nyumba ya malamulo, iye onsewo kukana. Nthawi imeneyo kunalibe envelopu, kalata umaipinda nkumata ndi phula, nde amapatsira anthu onyamula katundu opita ku London, kudzera m'manja mwa anthu ena kuti apanyumba asadziwe. Makalata ake 77 a pakati pa 1652 ndi 1654 anapulumuka, ali ku British Library, a William anatsala ndi imodzi yokha chifukwa Dorothy amawaononga akawerenga.

Mkatimo mulibe dzuwa mulibe nyenyezi. Amamuuza William mmene tsiku lake layendera, wadzuka nthawi yanji, wadya ndi ndani, madzulo wapita kudambo komwe atsikana akuweta nkhosa ndi ng'ombe atakhala pamthunzi akuimba nyimbo, wacheza nawo, ali pakati pocheza wina waona ng'ombe yake ikulowa m'munda onse nkuthamangira komweko. Amafotokoza amuna omufunsira mmodzimmodzi moseketsa mpaka umawaona ndi maso. Pena watopa, akuti bola tingosiyana izi sizitheka, patapita masiku mtima wabwerera. Iye amati kalata izikhala ngati munthu akucheza nawe, osati ngati akulalikira, ndipo anasimba za m'bale wawo wina wachikulire yemwe anauza mlembi wake kuti lemba kuti ndikanalemba ndekha koma dzanja likundiwawa, mlembi pofuna kukometsa analemba za dzanja lokanika kugunditsa cholembera papepala, mkuluyo atamva anamugenda ndi botolo la inki.

Zaka pafupifupi 7 zinatha akudikira. Bambo ake atamwalira ndipo achibale atafewa, ukwati uli pafupi, Dorothy anadwala nthomba yoopsa ndipo inamusiyira zipsera kumaso. William sanasunthe, anakwatirana pa Khirisimasi ya 1654 ndipo anakhala limodzi zaka 40 mpaka Dorothy anamwalira mu 1695. Makalatawo anakhala m'banja mwawo mibadwomibadwo, anadzasindikizidwa ngati buku mu 1888. Amayi mukawapeza yambirani kalata ya atsikana oweta ng'ombe ija, kenako mudzandilembere mundiuze mmene mwaionera.