Msuweni, za ngongole ya nyumba ija

Eee, moni nonse pagulu pano, azakhali ndi amalume pepani ndikujambula mawu chifukwa kulemba manja akuuma, kuno ku Katoto kwachita chifunga kuyambira m'mawa. Msuweni, ndaona funso lako lija, lakuti kodi munthu angapeze ngongole ya nyumba ku banki pomwe khoti linamugamula kuti alipire winawake koma sanamalize. Walemba kuti ndi “mnzako wina wa kuntchito”. Iwe msuweni iwe, mnzakoyo nayenso anali ndi minibasi ya pa msewu wa Ekwendeni? Aaa usandiseketse. Ife tinakulira mbale imodzi. Chimene ukufunsa iwe sichakuti angapeze kapena ayi, ukufunsa ngati a banki angadziwe ukangokhala chete. Ndipo ndikudziwa sukugona nazo, n'chifukwa chake ndikuyankha lero lomwe.

Dikira kaye, ndiyambire pa amalume aang'ono. Amalume mukumva, mundikhululukire, munatiuza nokha kuti ana adziwe. Nthawi ya matabwa a ku Chikangawa ija, anatenga katundu pa ngongole kwa bambo uja, uja wa lole yofiira, ayi yobiriwira, yofiira inali ya apongozi. Kenako malonda anavuta. Masamoni anabwera kunyumba ku Chiputula, amalume anangowapinda n'kuika m'Baibulo, amvekere ameneyu ndi mnzanga timapemphera limodzi sangandichite chipongwe. Kukhoti sanapite. Ndiye khoti silidikira munthu, linagamula iwo kulibe, ndalama yonse kuphatikiza chiwongoladzanja ndi zolipira loya wa mnzawoyo.

Tsiku limene ma sherifu anafika ine ndinalipo, ndinali nditapita kukatenga makina osokera a amayi. Anabwera ndi pepala la khoti, mwaulemu ndithu, sanakalipe, wina akungolemba m'buku, sofa, wailesi, firiji. Azakhali anatulutsa usipa ndi nyama m'firijimo n'kuyala pa lichero pakhonde, mvula ikuwaza, anthu a mulaini monse atayima pa mpanda kuonerera. Amalume anakhala pa mpando wa ndalema atavala jekete lawo lija la ku tchalitchi, osayankhula kanthu. Makina a amayi ndinachita kulumbira kuti si a pakhomopo, mwamwayi dzina la amayi linali lolembedwa pansi ndi penti. Katundu uja anakagulitsidwa pa okushoni motchipa zomvetsa chisoni, ma sherifu anachotsapo zawo, ngongole osatha. Kutaya firiji, kutaya sofa, ngongole ikadalipo ndithu.

Patapita nthawi ndi pamene anafuna kumalizitsa nyumba ya ku Luwinga ija, inali itafika pa lintala. Anapita ku banki ina m'tauni muno, sinditchula, pa fomu pamene amafunsa ngati uli ndi mlandu wa ndalama kapena ngongole ina analemba kuti ayi. Zinadziwika. Ndipo chimene chinawapweteka amalume sikukanidwako ayi, ndi mmene mtsikana wa pa desiki, msinkhu wa mwana wawo, anawafunsira kuti bambo bwanji simunanene. Anabwera wapansi kuchokera m'tauni mpaka kunyumba, osakwera ngakhale kabaza.

Ndiye nthawi imeneyo zinthu zinali zosalumikizana ngati pano. Lero kuli lamulo la Credit Reference Bureau la 2010, mabanki amafunsa mbiri yako ya ngongole ku makampani osunga mbiri ya ngongole za anthu (ma CRB) monga Credit Data kapena TransUnion asanakupatse kalikonse, ndipo chibwerereni chiphaso cha unzika mu 2017 zosintha kalembedwe ka dzina zija zinatha. Komanso adzafuna mapeyisilipi, sitetimenti ya akaunti ya miyezi ingapo, title deed ya puloti, ndi munthu wawo woyeza mtengo wa malowo. Tsono taganiza, banki ikupatse mamiliyoni oti uzibweza zaka zambirimbiri, pomwe kunja kuli munthu amene ali ndi chigamulo m'manja, amene mawa atha kupempha khoti ligwire ndalama za mu akaunti mwako kapena kutumiza ma sherifu. Iwowo amaona kuti malipiro ako ali kale ndi mwini wake wina.

Ndiye mfundo yanga, eee, ndachedwa nayo, ndi iyi: usayambire ku banki, yambira kwa amene unamulakwira. Pita ukakhale naye pansi, tenga munthu wamkulu, achimwene a ku Zolozolo sangakane. Mugwirizane zolipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, zilembedwe, zikasainidwe kudzera kwa loya wake kapena kukhoti komwe kunachokera chigamulocho, osati zapakamwa. Malisiti onse usunge. Ukamaliza akupatse kalata yoti walipira zonse, ukaonetsetsenso kuti ku CRB akonza mbiri yako. Amalume anadzachita zomwezo pamapeto pake, bambo wa lole uja anawachotserako ngakhale gawo la chiwongoladzanja atangoona kuti abwera okha.

Ndikudziwa ukuthamangira chifukwa simenti ikukwera, chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 aliyense akufuna kumanga lero lero. Koma chigamulo chosalipira nachonso chikukula uku iwe uli chete. Ndipo chonde, chonde, usapite kwa a katapila kuti ufafanize ngongoleyi mwachangu, ndiponso zolemba nyumba m'dzina la alamu kuti uzembe usaziyambe, alamu ndi munthu wabwino usawalowetse m'matope.

Kaya wandimva? Kamalize kaye za minibasi, banki pambuyo. Puloti ya ku Mchengautuba sithawa, njerwa ungayambe kuumba ndi ndalama ya banki mkhonde ya alamu ija ukudikira.

Loweruka ndili pakhomo, ubwere ndi mapepala onse a kukhoti, ngakhale amene unabisa m'sutikesi, tiwerengere limodzi kuti yatsala zingati. Kwa munthu uja kaye, msuweni, osati ku banki. Ubweretsenso nthochi za ku Nkhata Bay, ana akufunsa.