Yankho kwa achimwene a sitima yomira ngati mwala

Achimwene, ndawerenga funso lanu: sitima yanu yaing'ono yapansi pa madzi, ya paipi ya PVC, yoyendetsa ndi rimoti, ikuti mukaichepetsera mtovu ikungoyandama ngati chitsekerero, mukaonjezera pang'ono ikupita pansi osabweranso, ndiye mukufunsa kuti thanki ya madzi, yoti ikadzaza sitima izimira ndipo ikapanda madzi izikwera, muipange bwanji. Musanagule kalikonse, yambani mwayeza kukula kwa thankiyo. Ambirife tinayamba ndi mota, kuyeza n'kubwera pambuyo, ndipo tinataya ndalama.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Lita imodzi ya madzi a pampopi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye galamu iliyonse ndi mililita imodzi. Dzazani madzi m'bafa kapena mu diramu yodulidwa m'litali, muike sitima ili ndi zonse, batire ndi mota zili m'malo mwake. Iikeni mtovu mpaka iyandame pa mzere umene mukufuna. Kenako sanjikani timitovu pamsana pake, kamodzikamodzi, mpaka patsale kansonga kokha pamwamba pa madzi. Ine ndimagwiritsa ntchito tija amamatira ku mawilo a galimoto. Tichotseni, mutiike pa sikelo ya kukhitchini. Tikakwana magalamu 120, thanki yanu ikhale ya mamililita 120. Basi.

Taonani kuti ndati patsale kansonga. Thanki ikadzaza, sitima isamamire yokha, izikhala yongotsala pang'ono. Kotsalako kazichitidwa ndi liwiro ndi timapiko. Mota ikazima, sitima idzakwera yokha pang'onopang'ono. Kuiimitsa pakati pa madzi osasuntha mudzaphunzira patsogolo.

Njira zopangira thankiyo zilipo zingapo. Ena amaika chikwama cha labala, monga cha makina oyezera BP, n'kumachipopera mpweya. Ena amakankha madzi ndi gasi wa m'kachitini. Kampani ya Engel ku Germany imagulitsa mathanki a pisitoni opangiratu, koma mtengo wake kuphatikiza kutumiza ukhoza kukudwalitsani mutu. Kwa sitima yaing'ono ngati yanuyo, sirinji yaikulu ya mamililita 60 ndi pisitoni kale. Ziwiri zikukwanirani pa magalamu 120 aja.

Dulani chogwirira cha sirinji, mulumikize ndodo ya mazinga ya M6 (yonenepa mamilimita 6) ku mutu wa labala uja, nati izizunguzidwa ndi mota ya magiya. M6 imayenda milimita imodzi pa kuzungulira kulikonse, ndipo sirinji ya 60 imayenda pafupifupi masentimita 9, ndiye nati izungulira ka 90. Ikamazungulira ka 300 pa mphindi, thanki idzadza m'masekondi 18. Kumapeto konse kuwiri ikani timaswitchi tozimitsa mota, apo ayi magiya adzagumuka tsiku loyamba. Pa labala pakani girizi wa silicone, chifukwa mafuta odzola aja amafufumitsa labala ina n'kuigwiritsa. Ndipo musaiwale kusiya mpata kumbuyo, ndodo imatuluka utali womwewo wa masentimita 9. Ine ndinaiwala, inakabaya batire.

Pali chinthu chimene anthu sachiganizira. Pisitoni ikamakoka madzi, mpweya wa m'chipinda chouma, mkati mwa paipi momwe muli batire, umapanikizika. Ngati muli malita awiri a mpweya, mamililita 120 sangavute. Koma chipinda chikakhala chothinana, mwachitsanzo theka la lita yokha, mphamvu ya mpweya imakwera ndi pafupifupi 0.3 bar (bar ndi muyeso wa kupanikizika), ndipo imatha kukankha chivindikiro cha paipi ngati chinangotsekedwa ndi O-ring, kamkombero ka labala, popanda chomangira. Mangani zivindikirozo ndi ndodo. Ubwino wake, mukaona timathovu tikutuluka m'bafa mwadziwa kale pamene pakudontha.

Mwatchulanso zoti ikumagona cham'mbali. Zolemera zonse, mtovu ndi batire, zitsike pansi penipeni, foam yolimba yosamwa madzi ikwere m'mwamba koma pansi pa mzere wa madzi. Foam imene ili pamwamba pa mzerewo sikunyamula kanthu sitima ikamayandama, imangokakamiza thanki kukula. Thanki ikhale pakati, pamene sitima imakhazikika mukainyamula ndi zala ziwiri. Masirinji awiriwo, ina kutsogolo ina kumbuyo mofanana, kuti mphuno isayambe yokha kulowa.

Tsopano rimoti, pamene ine ndinalirira. Marimoti ambiri a masiku ano ndi a 2.4 GHz, ndipo mafunde amenewo salowa m'madzi. Yanga yoyamba inamira bwinobwino pa damu lina, anthu akuomba m'manja, kenako zii. Thanki inali yodzaza, ndinali nditaiika yolemera, ndipo inakakhala m'matope mpaka lero. Funani rimoti yakale ya 27 MHz kapena 40 MHz. Imagwira mamita ochepa m'madzi opanda mchere, m'madzi a mchere ayi. Muikenso failsafe yoti siginolo ikangosowa, pisitoni izikankha madzi kunja yokha.

Kunyanja musathamangireko. Madzi a nyanja ya Malawi alibe mchere, rimoti ingagwire, koma mamita 10 aliwonse amaonjeza bar imodzi, ndipo malo ena nyanjayi imazama pafupifupi mamita 700. Maulendo oyamba akhale pamalo ofika m'chiuno, mutamanga kabotolo kopanda kanthu ku ulusi wa mbedza wa mamita awiri. Tumizani chithunzi cha sikelo ija ndi utali wa paipi yanu, tiwerengere limodzi ngati masirinji awiri akwana.