Mphesa za ku Cape, tiyi wa ku Mulanje, ndi munthu wa pakati

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wa ku Mulanje amene wakhala akuthyola tiyi pa esiteti ina nyengo ya dzinja kwa zaka zingapo. Akuti pagulu lawo la WhatsApp pabwera bambo wina amene akulemba anthu okathyola mphesa ku Western Cape, m'dziko la South Africa, kwa miyezi inayi. Bamboyo akufuna ndalama ya thiransipoti ndi "mapepala" isanafike nthawi yonyamuka, ndalama yoti mnyamatayu agulitse mbuzi zitatu, ndipo yotsalayo akuti azidzadula kumalipiro. Mafunso ake ndi awiri: "Kodi zimenezi n'zoona? Nanga n'chifukwa chiyani amadzafuna anthu kuno, pomwe kwawoko anthu osowa ntchito ali mbwee?"

Achimwene, ndiyamba ndi funso lachiwirilo, chifukwa likamveka, loyambalo silivuta.

Ntchito za nyengo zimayenda ndi kalendala ya mbewu. Inu mukudziwa kuti tiyi amaphuka kwambiri mvula ikagwa, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, ndipo kukauma esiteti imachepetsa anthu. Ku Nchalo ndi ku Dwangwa nzimbe zimayamba kudulidwa cha mu Epulo mpaka mvula itayandikira. Fodya wa ku Kasungu, Mzimba ndi Rumphi wakhala akukoka mabanja a kwanu komweko, ku Thyolo ndi ku Phalombe, amene amakwezedwa malole nthawi ya nazale. Mwini munda amafuna manja ambiri kwa miyezi yochepa, kenako sawafunanso. Ndipo amakonda munthu wochokera kutali. Wa pafupi akadandaula malipiro amabwerera kunyumba kwake madzulo omwewo. Wakutali, amene amugoneka pakomboni, ali ndi ngongole ya thiransipoti komanso sadziwa chilankhulo, amapirira. Ku De Doorns, m'chigwa cha Hex River ku Western Cape komweko, kumene kumalimidwa mphesa zodya, antchito a m'mafamu ananyanyala ntchito mu 2012 pokana R69 patsiku. Ankafuna R150, boma linakweza kufika pa R105. Eni mafamu sanaiwale zimenezo, ndipo mlendo wopanda chilolezo sanyanyala ntchito.

Nkhaniyi ndi yakale kuposa inu ndi ine. Depoti ya mabasi ya ku Blantyre timaitchabe Wenela chifukwa panali malo a bungwe lolemba anthu okagwira ntchito m'migodi ya golide ya ku Joni. Bungwe lina lolemba anthu, lotchedwa Mthandizi, linkatengera azigogo athu kumafamu a ku Rhodesia. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kumudzi, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu. Zinayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, ija akuluakulu amati Theba, mpaka 1988 pomwe maboma awiriwa anasemphana pa nkhani yoyeza HIV. Sindikuyamikira Theba ayi, poti nkhalamba zambiri zamwalira zikudikira ndalama zawo. Koma Theba inali ndi ofesi, kaundula, kontirakiti ndi chidindo, moti mpaka lero ana a anthu aja ali ndi pokayambira kufunsa. Bambo wa pa WhatsApp uja ali ndi nambala ya foni yokha, ndipo simukhadi imatayidwa.

Tsopano funso loyamba. Ntchito yothyola mphesa ilikodi, ndipo Amalawi akuigwira. Chimene muyenera kufufuza n'chakuti bwana wanu adzakhala ndani: mwini famu kapena wolemba anthuyo? Ku South Africa mafamu ambiri salemba okha antchito a nyengo. Amapangana ndi ma labour broker, amene amalandira ndalama kwa mwini famu n'kumalipira antchito. Ena ndi makampani olembetsedwa bwinobwino, ena ndi kapitawo chabe wokhala ndi kagalimoto ka pikiapu, kamene kumeneko amati bakkie. Ndalama imadontha pamenepo: adula ya galimoto, ya malo ogona, ya ufa, ya "kukupezerani ntchito", Lachisanu n'kukupatsani zotsala. Lamulo lakumeneko lili ndi malipiro otsikitsitsa a pa ola, amene mu Malichi 2025 anafika pa R28.79, ndipo antchito a m'mafamu ali momwemo. Lamulo la Labour Relations Act, gawo 198A, limati wantchito wa malipiro ochepa amene wabwera kudzera mwa broker, akapitirira miyezi itatu pamalo amodzi amatengedwa ngati wantchito wa mwini malowo. N'chifukwa chake ena amakusunthani famu ndi famu miyezi itatu isanakwane.

Koma pamene pali minga kwenikweni ndi pa "mapepala" aja. Pasipoti ya Malawi imakulowetsani pa Beitbridge kwa masiku 30 ngati mlendo, ndipo mlendo saloledwa kugwira ntchito. Famu yofuna kulemba anthu ambiri akunja movomerezeka imapempha yokha chilolezo chotchedwa corporate visa ku Home Affairs, nthambi ya boma yoona zolowa ndi kutuluka m'dzikolo, ndipo wantchito aliyense amalandira chikalata chake chochokera pa chilolezo chimenecho. Wopempha ndi mwini famu, osati inu, ndipo si chinthu chogula kwa munthu pa Airtel Money. Mukalowa ngati mlendo n'kukhala miyezi inayi, ndiye kuti mwapitirira masiku anu ndi oposa 30, ndipo chilango chake ndi kuletsedwa kulowanso m'dzikolo kwa zaka zisanu. Mukagwidwa musanatuluke nokha, njira yake ndi ya ku Lindela, malo a ku Krugersdorp osungirako alendo opanda zilolezo asanawabweze kwawo. Choncho mufunseni bamboyo dzina la famu, tauni yake, ndi nambala ya ofesi ya famuyo, muimbe nokha. Mufunseni mtundu wa chilolezo chimene mudzagwirire ntchito. Akayamba kuti "zimenezo tikaonera konko", mbuzi zanu zisatuluke m'khola.

Ngakhale ulendo wodutsa m'manja mwa boma uli ndi zingwe zake. Achinyamata 221 amene ananyamuka mu Novembala 2023 kupita kumafamu a ku Israel anali ndi zilolezo zomangirira munthu kwa bwana mmodzi, ndipo ena amene anachoka m'mafamu kukafuna ntchito zina anabwezedwa kumudzi mu 2024. Nawonso amayi athu amene anthu a pakati anawalemba ntchito za m'nyumba ku Oman anakapeza kuti pasipoti imasungidwa ndi bwana, ndipo kuti abwerere panafunika kulipira ndalama. Aliyense amene akufuna kusunga pasipoti yanu, kapena kukukweza ngongole musanagwire ndi tsiku limodzi lomwe, akuyandikira zimene lamulo lathu la Trafficking in Persons Act la 2015 limaletsa.

Pali chinanso chimene simunandifunse koma ndikuuzani, poti mwati mwathyola tiyi pa esiteti imodzimodziyo zaka zingapo. Mphesa za ku Hex River zimapsa kuyambira cha mu Januwale mpaka Epulo, nthawi yomweyo imene tiyi wanu ali pachimake ndiponso chimanga chanu chikufuna kupalira ndi kubandira. Ndiye kuti simukudzaza miyezi imene mumakhala chabe, mukusinthanitsa ntchito ina ndi ina. Ndipo Employment Act yathu ya 2000, pa gawo 43, imati munthu wolembedwa nyengo zotsatizana ndi bwana mmodzi, miyezi yonse imene wagwira imaphatikizidwa ngati kuti wagwira mosadukiza. Antchito ambiri a m'maesiteti sadziwa zimenezi, ndipo makalaliki ena sathamangira kuwauza. Miyezi yophatikizidwayo imawerengedwa pa nkhani ya zimene muyenera kulandira ntchito ikatha. Mukajomba nyengo imodzi mutha kudula mndandanda umenewo, choncho pitani kaye ku ofesi ya Labour paboma mukafunse mmene zanu zilili, mutanyamula timapepala ta malipiro tonse timene munasunga.

Ngati chikukuvutani ndi miyezi ya chilimwe, imene esiteti imakupumitsani, kalendala yomwe ija ikhoza kukuthandizani osawoloka malire. Nzimbe za ku Chikwawa zimayamba tiyi akamatha. Ndi ntchito yowawa, kutentha kwa kuchigwa si kwamasewera kwa munthu wozolowera mphepo ya m'phiri, ndipo nakonso muyenera kufunsa ngati wakulembani ndi kampani, kontirakitala kapena mlimi wa m'sikimu. Koma mukabedwa kumeneko, ofesi ya Labour ndi Industrial Relations Court zili m'dziko lanu, m'chilankhulo chanu, ndipo basi yobwerera ku Mulanje ndi ya tsiku limodzi. Za utenanti wa fodya, mudziwe kuti lamulo linauthetsa mu 2021. Wokutengani ku Kasungu ayenera kukulipirani ngati wantchito, osati kukudyetsani ngongole ya chimanga mpaka fodya atagulitsidwa ku Chinkhoma.

Bambo uja akakupatsani dzina la famu, munditumizire. Ndili ndi owerenga ena amene amakhala cha ku Worcester ndi ku Paarl, matauni a ku Western Cape komweko, ndiwapempha akaone ngati famuyo ilipodi.